A Zakeyo, Nkhoswe ya Tikambenji ndi Boma

Sunthirani kuno inu a kumbuyoko, mphasa ikadali ndi malo. Wa mwanayo am'patse bere atonthole, chifukwa mawu anga safika patali masiku ano, ndipo sindibwereza. Mwabwera ku chikumbutso cha a Zakeyo, mwaimba, mwapemphera, mwadya. Tsopano mumve za munthuyo.

Pa maliro awo chaka chatha, mkulu wa mpingo anaimirira pamanda nkunena kuti malemuwa anali munthu wofatsa, wosakonda mikangano. Ndinatsokomola dala mpaka amayi onse ananditembenukira. Wofatsa? A Zakeyo? Munthu akafa timamudzoza mafuta amene ali moyo akanawakana. Ine Nabanda ndine msuweni wawo. Tinakulira bwalo limodzi kuno kufupi ndi Mkaika, tinayamba kutukwanizana tili ndi mamina, tinaleka mano atatha m'kamwa. Ndiye ndikukuuzani kuti a Zakeyo anali ndi liuma loti mwala uchepa. Ena mwa inu munawatcha amisala, ndikukuonani, musayang'ane pansi. Koma liuma lomwelo ndi limene lachititsa kuti ana a kumalire a Vubwi akhale ndi mphunzitsi mpaka lero.

Ntchito yawo yeniyeni inali unkhoswe. Kulima ankalima ngati wina aliyense, thonje, nsawa ndi chimanga, koma chimene anabadwira chinali kukhala pakati pa mwamuna ndi mkazi zinthu zikavuta. Theka la mabanja a m'mudzi muno anamanga ndi iwo. Mkazi wawo, a Nangozo, anamwalira kalekale osawasiyira mwana, ndipo sanakwatirenso. Ine ndinkawaseka kuti dokotala wa mabanja, lake linamukanika. Iwo ankati akudikira kuti amuna anga atope nane, adzanditole motchipa.

Anali ndi malamulo awoawo. Pa nyumba imene mlandu sunathe sankadya, ngakhale madzi sankamwa. Ankabwera ndi awo m'botolo la pulasitiki lomanga chingwe m'khosi. Muwaphere nkhuku, muikazinge fungo lifike kumsewu, iwo amangoiyang'ana ngati mwala. Ankati m'mimba mukalowa nkhuku ya munthu, makutu amayamba kumva mbali yake yokha. Pomvetsera ankatsinzina, mutu pa ndodo, anthu nkumayesa agona. Munthu ukangopotoza nkhani pang'ono, diso limodzi linkatseguka. Ndipo chimene ankadana nacho kwambiri ndi kuthawa. Ankanena kawirikawiri kuti miyendo simathetsa banja, limathetsedwa ndi pakamwa pa anthu amene analimanga, masana, onse atakhala pansi.

Musaganize kuti ankangobweza akazi kwa amuna ngati mbuzi zosochera. Panali mayi wina, sindimutchula chifukwa zidzukulu zake zili pano, amene mwamuna wake ankam'menya ngati akupuntha nyemba. Akulu a mpingo ankangoti apirire. A Zakeyo anakhala pa mlandu umenewo kangapo, mwamunayo kulonjeza, mawa lake kubwereza. Tsiku lina anangopita okha, kulowa m'nyumbamo, kutulutsa miphika ya mayiyo, kuisenza pamutu iwo mwamuna, kudutsa nayo pakati pa mudzi mayiyo ali pambuyo. Anati banjali ndinamanga ndine, ndalimasula ndine. Kumpingo anawaimitsa kudya mgonero kwa nthawi ndithu. Iwo sanaleke kupita. Ankakhala benchi la kutsogolo, nkuimba mokweza kuposa onse, mawu awo aja ngati chitseko cha khola.

Ndiyetu munthu wake anali ameneyo. Tsopano za Tikambenji.

Tikambenji ndi mwana wa Mailesi, mlongo wawo wamng'ono wa a Zakeyo. Bambo ake anapita kumigodi mwanayo asanayambe kuyenda, sanabwerenso. Ndiye mwinimbumba anali amalume ake. Mtsikanayu sukulu inkamukonda. Anakhoza giredi yomaliza bwinobwino, koma za koleji panalibe poyambira. Anakhala akugulitsa tomato pa msewu ku Katete, kuthamangira maminibasi a ku Chipata ndi beseni pamutu, mvula kugwa, kutha, kugwanso. Kenaka mphunzitsi wake wakale anamuuza kuti boma likuthandiza ana ofuna uphunzitsi. Limakulipirira koleji, koma iwe ulonjeze kuti ukatha udzaphunzitsa kumene lidzakutumize, kwa zaka zimene lanena, osasankha.

Pokalonjezapo pankafunika wamkulu wa pabanja akakhale mboni. Anapita ndi a Zakeyo, atavala jekete lawo la pa Sabata. Tikambenji ndiye anatifotokozera zimene zinachitika mu ofesimo. Akuti bwana uja anafotokoza zonse mofulumira, nkutsegula kabokosi ka inki kuti adinde chala. A Zakeyo anabisa dzanja m'thumba.

"Dikirani abwana, ndimvetse. Mwanayu mum'dyetsa, mum'phunzitsa. Akatha mum'tenga kupita naye kwanu."

"Kumene kukusowa aphunzitsi, madala."

"Ndiye kwanu kumeneko. Nanga tsiku lina mukadzakangana, iye wakulakwirani kapena inu mwamulakwira, adzakhale pakati ndani?"

Bwanayo akuti anaseka. "Inu ndinu mboni basi. Dindani apa, anthu ndi ambiri panja."

"Aa, ndamva. Ndine nkhoswe."

Anabwera kumudzi chala chili bii, osasamba, kuyenda nacho nyumba ndi nyumba kuonetsa mbumba yonse. Ine ndinaseka mpaka kugwira nthiti. Ndinati a Zakeyo, mkamwini wanu watsopanoyo wabweretsa nkhuku? Adzatilimira liti? Iwo anangoti seka lero Nabanda, mano ukadali nawo.

Ife tinkayesa nthabwala, iwo ayi. Zaka zonse Tikambenji ali ku koleji, mnyamata aliyense wobwera kudzafunsira ankabwezedwa pa khomo. Ankawauza kuti mwanayu ali pa chitomero, mubwere akadzatha. Amene sanatope anali Gibisoni, mnyamata wa ku Sinda wa shopu yake ndi njinga yamoto. Sanali munthu woipa, ayi, ndinene zoona. Ankabwera ndi shuga ndi sopo kwa Mailesi, ndipo Mailesi anali atayamba kale kumutcha mkamwini.

Tikambenji anamaliza. Anam'tumiza ku sukulu ina ku Vubwi, kutali kwenikweni, kumene ukaponya mwala umagwera ku Mozambiki. Anapita akusekerera ndi sutikesi yake. Atabwera pa tchuthi choyamba sindinamuzindikire msanga. Khosi litatalika, maso atalowa. Kusukuluko kunalibe nyumba ya mphunzitsi, kupatula ya ahedi. Anam'goneka m'kachipinda kosungiramo madesiki othyoka, kumbuyo kwa kalasi, denga lodzaza mileme. M'mawa uliwonse ankapinda mphasa ana asanafike, nkubisa mapoto ake kuseri kwa bolodi. Posamba ankapempha kwa eni mudzi. Tchuthi chitatsala pang'ono kutha ananena poyera kuti sabwererako.

Mailesi anavina. Gibisoni anamva tsiku lomwelo, njinga yamoto inafika fumbi lili kobo. Shopu ikufuna munthu wodziwa masamu, anatero. A Zakeyo anaitana mbumba pansi pa mango a kwa Mailesi, ndipo anabwera ndi botolo lawo la madzi. Titaona botolo lija pa nyumba ya mlongo wawo yemwe, tinadziwa kuti zavuta.

"Amalume," anatero Tikambenji, "anzanga ena analandira thandizo lomweli. Ali ku Lusaka, akugwira ntchito zina. Palibe wawatsatira."

"Ankhoswe awo ndani?"

"Kulibe za ankhoswe kumeneko, amalume."

"Ndiye chifukwa chake. Iwe uli naye. Chala changa chili kumeneko."

Mailesi anadzuka, chitenje kumanga m'chiuno. "Chala chanucho chimagona ndi mileme? Achimwene, muoneni mwanayu! Ndi uyu ndinakupatsani? Boma lanulo lili ndi ana ambirimbiri, ine ndili ndi uyu. Inu simungamve, simunabale."

Mawu amenewo samanenedwa kwa munthu amene anaika mkazi m'manda wopanda mwana. A Zakeyo anatsinzina nthawi yaitali. Ndinkayesa anyamuka azipita. Koma anatsegula maso onse awiri nkuyang'ana mtsikanayo, osati mayi ake.

"Sindinanene kuti ukagone ndi mileme. Ndati mlandu sunakambidwe. Tamva mbali yako, ya enawo sitinamve. Tandiuza, chakukana ndi chiyani, ntchito kapena pogona?"

Tikambenji anayamba kulira. Anati ntchito amaifuna. Anati kuli ana kumeneko aakuluakulu amene anali asanagwirepo pensulo, ndipo tsiku lotsekera anam'perekeza mpaka kumsewu akufunsa ngati madamu abweranso. "Koma ndine munthu, amalume. Sindine desiki lothyoka."

"Nyumba ikapezeka ukhala?"

"Ndikhala."

"Wanena pamaso pa anthu. Nabanda, konzeka. Nkhoswe sipita yokha."

Ndimo mmene ine, amene ndinali ndisanapitirirepo Chadiza, ndinapezekera pamwamba pa kanta, lole yaing'ono ya ogula soya, nditakhalira matumba, Tikambenji ali pambali panga, fumbi m'mano. A Zakeyo anali atakumbatira thumba la saka limene sankafuna kuti munthu alikhudze. Ndinawafunsa ngati muli mankhwala okopera boma. Anati muli pakamwa pako, ndapatsekera m'menemo kuti tifike bwino.

Kumeneko ahedi anatilandira mwaulemu, munthu wotopa, wophunzitsa makalasi angapo yekha. Anaitana makolo. Anabwera ambiri, chifukwa mbiri inali itamveka kuti kwabwera nkhalamba yodzakamba mlandu wa chikwati cha madamu, ndipo aliyense ankafuna kudziwa kuti mwamunayo ndani. Wapampando wa komiti ya makolo anali a Mbewe, munthu wamfupi wa mawu aakulu. Anati atiphera nkhuku. A Zakeyo anathokoza nkutulutsa botolo lawo.

"Ine ndine nkhoswe ya mwana uyu," anayamba choncho. "Anatengedwa ndi boma, ine ndikuona. Boma nkhope yake sindiidziwa, koma linam'bweretsa pakhomo panu, ndiye abale ake ndinu. Kwathu munthu akatenga mwana wa eni ake amam'mangira nyumba. Inu mwam'goneka posungira zinthu zothyoka. Ndabwera kudzamva chimene anakulakwirani."

Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Madala, boma ndi mkamwini wanu? Limakugwadirani?" Anthu anaseka kwambiri. A Zakeyo anadikira mpaka kuseka kunatha kokha.

A Mbewe sanaseke. Anaimirira nkuloza ku tchire kuseri kwa bwalo la mpira, kumene kunali mulu wa dothi womera udzu. "Mukuona apo, akulu? Inali nyumba ya mphunzitsi. Tinaumba ndife, tinafolera ndife. Amene tinam'mangira anagonamo mwezi sunathe, anati kuno foni sigwira. Anabwera wina, anadya nkhuku zathu, mvula itayamba anati akukaona odwala, mpaka lero akuonabe odwalawo. Nyumba inagwa yokha. Ana athu azolowera kuphunzira dzina la mphunzitsi nkuliiwala. Ndiye ife tinapangana kuti wobwera ayambe wakhala, tione mtima wake, kenaka timange."

"Mumange kaye, akhale," anatero a Zakeyo.

"Akhale kaye, timange."

Anabwerezana choncho ngati ana olimbirana chitsononkho. Ine ndinaona kuti a Mbewe akunena zoona, ndipo a Zakeyo anaonanso, chifukwa anatsinzina. Atatsegula maso anati:

"Mwalumidwapo, ndamva. Mukufuna chikole. Chikole ndine. Sindichoka pano mpaka nyumba iime. Mwanayu akadzathawa nyumba ilipo, mudzandigwire ine, ndizikulimirani mpaka ndidzafe."

"Nkhalamba ngati inu mungalime chiyani? Tidzangowonongerapo ufa."

"Ufa wanu sindidya."

M'mawa mwake anamasula thumba lija. Munali chikombole choumbira njerwa ndi khasu lopanda mpini. Anadula mpini, anapita pa chulu cha kuseri kwa sukulu, nkuyamba kukumba. Munthu wa bondo lotupa, woyendera ndodo! Madzi ankatunga okha ku mjigo ndi ndowa yobwereka kwa ahedi, kuponda dothi ndi mwendo umodzi wabwinowo, winawo ukungotsatira. Ine ndinkawaphikira ufa ndi nsawa zimene tinabwera nazo, pa mafuwa anga, osakhudza za eni mudzi. Ankagona pa khonde la tchalitchi.

Anthu ankabwera kudzaonerera ngati kwatuluka gule. Amuna ankakhala pa mthunzi nkumapereka malangizo.

"Madala, dothi lachepa madzi!"

"Bwera udzalavulireko, malovu uli nawo ambiri."

"Mumaliza chaka chiti?"

"Chaka chimene iwe udzadzuke pamenepo."

Tikambenji ankachita manyazi. Pa nthawi yopuma anabwera kudzawachonderera kuti aleke, anthu akuwaseka. Anam'thamangitsa ndi dothi m'manja. Anati iwe ntchito yako ili m'kalasi, ukangotuluka nthawi isanakwane wandiluzitsa mlandu.

Oyamba kusweka mtima anali amayi. Wina anabwera kuchokera ku mjigo ndi ndowa pamutu, osapereka moni, anangokhuthulira m'dzenje la dothi. Anati mwana wake dzulo walemba dzina lake pa chitseko ndi khala, iye sadziwa kuwerenga koma aneba amuuza kuti ndi dzina lenileni. Mawa lake anabwera ndi anzake. Ndipo amayi a kumeneko pakamwa pawo mpakuthwa kuposa panga. Podutsa pa mthunzi paja ankafunsana mokweza ngati kumsika wa kumalire kukugulitsidwa amuna, chifukwa a m'mudzi muno anatha, watsala mmodzi wobwereka ku Katete, wa mwendo umodzi. Amuna anayamba kuchoka pa mthunzi mmodzimmodzi, wina ati akungodzaonetsa kapondedwe ka dothi, wina ati akungoyesa khasu.

A Mbewe anabwera pomalizira. Anaima manja kumbuyo, kuyang'ana mizere ya njerwa, nkutola imodzi.

"Njerwa za ku Katete ndi zimenezi? Zopindika ngati nthochi? Nyumba yake idzagwera madamu athu."

"Athu?" anatero a Zakeyo.

"Bweretsani chikombolecho, mukuwononga dothi la eni ake."

Ine ndinabwerako nthawi imeneyo, kumunda kunkandidikira. A Zakeyo anatsala. Njerwa anawotcha, zipupa zinakwera, mitengo ya denga anaika. Pamenepo ndiye panaima zinthu. Udzu wofolera kunalibe, osaka mbewa anali atatentha tchire lonse mpaka kumapiri. Ahedi anali atapempha malata ku maofesi, anayankhidwa kuti adikire, ofuna ndi ambiri. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo njerwa zomangira dothi zikanyowa opanda denga mukudziwa chimene chimachitika. Mulu wachiwiri unali pafupi kuima pambali pa woyamba uja.

Tsiku lina masana ndikusenda nsawa, ndinangomva kulira kwa chitsulo. Kutuluka, ndikuona a Zakeyo ali pamwamba pa nyumba yawo ndi hamala, akuzula misomali. Anali atafika osalonjera munthu.

Ana inu simungadziwe kuti malata amenewo anali chiyani. Anali oyamba mbali ino ya mudzi. Anawagula ndi thonje la zaka zawo za mphamvu, a Nangozo akali moyo, ndipo mayiyo anagonamo dzinja limodzi lokha. Chaka chilichonse a Zakeyo ankakwera kukawapaka utoto. Mwana akaponya mwala padengapo ankam'thamangitsa mpaka kwa amake.

"A Zakeyo! Mwapenga?"

"Ndinapenga tsiku limene ndinabadwa msuweni wako. Chokapo, msomali ukulasa."

"Tsikani! Mukagwa ndilibe nsalu yakuda ine!"

"Udzabwereka. Umabwereka zonse."

Mudzi wonse unasonkhana. Ena ankati boma lawadyetsa mankhwala. Ena ankati ukalamba wafika kumutu, agwidwe amangidwe. Mwana wa mchimwene wawo, amene ankayembekeza kudzatenga malatawo, ndiye ankakuwa kuposa onse, ati katundu wa banja sangapite kwa anthu achilendo. A Zakeyo anaima padenga, hamala m'manja.

"Amene anandithandiza kupalira thonje la malata awa akweze dzanja! Palibe? Ndiye tsekani pakamwa. Ndinauza anthu kuti nyumba iima. Ndinauza mwana kuti nyumba ipezeka. Mukufuna ndikawauze kuti chiyani, kuti nkhoswe inali kuseka?"

Makwerero amene anakwerera anali ofooka, omanga ndi luzi, ndipo ankagwedera nthawi iliyonse akatsitsa lata. Palibe ankafuna kuwagwira, kuopa kuoneka ngati akuvomereza misala. Kenaka ndinaona Mailesi akudutsa pakati pa anthu. Chiyambire tsiku la pansi pa mango lija, awiriwa anali asanalankhulane. Ndinati lero kuli nkhondo. Anafika, anayang'ana m'mwamba, anayang'ana makwerero, nkuwagwira ndi manja awiri, phazi kuponda pa tsinde.

"Tsitsani bwino, achimwene," anatero. "Mukalipinda likadontha pa mwana wanga."

Sanapepese, iwonso sanafunse. Anagwira ntchito mpaka denga lonse linatha, iye kulandira, iwo kutsitsa.

Malata anakwera kanta, eni ake atakhala pamwamba pake ngati mfumu. Anakhoma mvula yoyamba isanagwe. Tikambenji akuti tsiku limene analowa m'nyumbamo, a Zakeyo anazungulira kunja ndi m'kati, anagwedeza chitseko, anafunsa mtsikanayo pamaso pa makolo ngati ali ndi dandaulo lina. Anati alibe. Anafunsa a Mbewe ngati ali ndi dandaulo pa mwanayo. Anati alibe. Pamenepo anakhuthula madzi a m'botolo lawo pansi nkunena kuti, "Nkhuku ija munkanena ili kuti?" Akuti anadya ngati dzombe, mpaka a Mbewe anati bola muja ankakana.

Kuno anabwerera ku nyumba yopanda denga. Anafolera ndi udzu wopemphapempha, wochepa, ndipo inkadontha. Ndinkawapeza atasuntha mphasa kuthawa madontho, ndikawaseka, iwo nkumati udzu ndi wabwino, malata ankawasokosera. Patapita nthawi malata a ku maofesi aja anafika ndithu kusukuluko. A Mbewe anatumiza uthenga kuti abweze a eni ake. A Zakeyo anakana. Anati chimene nkhoswe yapereka pomanga banja sichibwerera, atsopanowo amangire mphunzitsi wina, mwanayo asamakhale yekha.

Alipo amene amanong'ona kuti chifuwa chimene chinawatenga chinayamba ndi kudontha kuja, ndipo kuti anafera za eni. Anene mokweza ndiwamve. Munthu anakhala madzinja angapo pambuyo pake akudya, akutukwana, akuweruza milandu. Ndipo ngakhale zikanakhala zoona, inu amene madenga anu sadontha, simudzafa?

Tikambenji anakwanitsa zaka zimene analonjeza. Zitatha anauzidwa kuti akhoza kupempha kusamukira kufupi ndi tauni, iye sanapemphe. Ali komweko, anakwatiwa ndi mlimi wa fodya wa kumeneko, ndipo unkhoswe wake unali womaliza umene a Zakeyo anagwira. Uyo wakhala apoyo ndi mwana kumsana, musamuyang'ane kwambiri angalire. Gibisoni anakwatira mtsikana wa kwawo ku Sinda, shopu yake yakula, tikakumana amandipatsa moni bwinobwino. Mailesi amapita ku Vubwi nthawi ya mango, akabwerako sitipuma, madamu anga akuti, madamu anga akuti, ngati sindinali pomwepo tsiku lija. Ahedi aja anapuma ntchito. A Mbewe anabwera pa maliro ndi amuna a kwawo odzaza kanta, analanda makasu kwa adzukulu athu, ati manda a munthu uyu akumba ndi iwo. Panatsala pang'ono kubuka ndewu pamanda, ndipo ndinati m'mtima, eya, awa ndiwo maliro a a Zakeyo, osati zofatsa zija.

Nyumba ya a Zakeyo tinagwetsa monga mwa mwambo. Sinavute, udzu unali utawola kale. Pogawa katundu panalibe cholimbirana, jekete, ndodo, mphasa, basi. Mukamapita kwanu mudutse njira ya kumjigo, muyang'ane kumanzere. Pali bwalo la dothi lolimba, ngodya zake zinayi zikuonekabe, pakati pamera maungu amene palibe anabzala. Masana mbuzi zimagona pamene panali khonde. Mabanja akayambana masiku ano amafika pamenepo mwa chizolowezi, amaima pang'ono, nkupitirira kukafuna wina. Pamwamba palibe kanthu, ndi thambo lokhalokha. Wofuna kuona denga la a Zakeyo akwere kanta apite ku Vubwi. Mvula ikamagwa limasokosera kumeneko, pansi pake mphunzitsi akuchonga makope a ana.